Chithunzi chikuyenda, mawu zii: mafunso anu pa zosintha mavidiyo

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi. Vidiyo inali ndi mawu bwinobwino, koma itangosinthidwa kupita ku mtundu wina, anthu akungogwedeza milomo osamveka. Tasankha makalata omwe zoyambitsa zake ndi zosiyana, chifukwa mankhwala a vuto limodzi sachiza linzake.

Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe ndi kamera ya Sony yomwe imatulutsa mafayilo a MTS. Ndikawasintha kukhala MP4, pa VLC yanga amamveka bwinobwino, koma eni ukwati akuti pa mafoni awo ndi pa laputopu yawo yatsopano mawu kulibe. Ndalama yotsala akukana kupereka. Ndalakwitsa pati?
Wojambula, Ndirande, Blantyre

Mawuwo alimo, bambo, ndipo umboni wake ndi woti kompyuta yanu ikuwatulutsa. Chavuta ndi choti zida za makasitomala anu sizikutha kuwawerenga.

Dzina lakumapeto kwa fayilo lija, kaya ndi MP4, MKV, AVI, MOV kapena MTS, limangonena za envulopu. Mkati mwake muli makalata awiri, ya chithunzi ndi ya mawu, ndipo iliyonse inalembedwa m'chinenero chakechake chomwe amachitcha codec. Foni ikhoza kutsegula envulopu ya MP4, n'kuwerenga kalata ya chithunzi, koma ya mawu n'kuilephera. Ikatero, nthawi zambiri siinena chilichonse. Imangoonetsa chithunzi basi.

Makamera a AVCHD a Sony ndi Panasonic, omwe amatulutsa MTS, kawirikawiri amajambula mawu mu AC-3, yomwe imadziwikanso kuti Dolby Digital. Popeza MP4 imalola AC-3, mapulogalamu ena osinthira amangoinyamula momwe ilili osaikhudza. VLC imayenda ndi ma codec akeake, n'chifukwa chake kwa inu zonse zili myaa. Koma mafoni ambiri otsika mtengo alibe AC-3, ndipo Microsoft inasiya kuiika mu Windows 11 kuyambira pa 24H2 yomwe inatuluka mu 2024, kupatula ngati kampani yopanga laputopuyo inaiikamo yokha.

Musanasinthe chilichonse, tsimikizani kaye. Tsegulani MP4 ija mu VLC ndipo dinani Ctrl ndi J. Muona Stream 0 ndi Stream 1. Pa yomwe yalembedwa Type: Audio, werengani mzere wa Codec. Mukaona A52 Audio, imeneyo ndi AC-3. Yomwe mukufuna ndi MPEG AAC Audio, chifukwa AAC ndi yomwe mafoni, ma TV, WhatsApp ndi Facebook onse amaimva. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imakuuzaninso zomwezi, ndipo ilipo ya pa Android.

Pokonza, chithunzi musachikhudze. Chikusewera kale bwino, ndipo kuchisinthanso kumadya maola komanso kumachepetsa ubwino wake. Sinthani mawu okha. Mu Avidemux, yomwenso ndi yaulere, tsegulani fayilo, pa Video Output siyani Copy, pa Audio Output sankhani AAC, pa Output Format sankhani MP4 Muxer, kenako sungani ndi dzina lina. Ngati kamera yanu ndi ija yojambula 5.1, mawu a matchanelo 6, lowani mu Filters ya mawu ndipo pa Remix musankhe Stereo.

Ife timakonda FFmpeg, ngakhale ilibe mabatani, chifukwa imachita zokhazo zomwe mwaiuza. Ikani ffmpeg.exe mu foda momwe muli mavidiyowo, dinani pamwamba pomwe pamalembedwa adiresi ya fodayo, lembani cmd n'kudina Enter. Pa windo lakuda lomwe litseguke lembani:

ffmpeg -i 00001.MTS -c:v copy -c:a aac -b:a 192k -ac 2 ukwati.mp4

Tanthauzo lake: -c:v copy ndiye kuti chithunzi chikopedwe momwe chilili, -c:a aac ndiye kuti mawu asanduke AAC, 192k ndi kulemera kwa mawuwo, ndipo -ac 2 ikuwaika pa mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Vidiyo ya ola lathunthu imatha m'mphindi zochepa chabe. Ngati mafayilo ndi ambirimbiri, monga zimakhalira pa ukwati, mzere uwu umasintha onse a mu fodayo:

for %f in (*.MTS) do ffmpeg -i "%f" -c:v copy -c:a aac -b:a 192k -ac 2 "%~nf.mp4"

Chenjezo limodzi. Makamera ambiri a AVCHD amajambula mu 1080i, ndipo mukakopa chithunzi chotere osachisintha, pa mafoni ena mumaoneka timizere topingasa anthu akamavina. Zikatero gwiritsani ntchito pulogalamu ya HandBrake, yomwe imasalaza timizereto. Koma dziwani kuti HandBrake nthawi zonse imasinthanso chithunzi, ndiye konzekerani kudikira. Pa tsamba lake la Audio onetsetsani kuti Codec ili pa AAC, osati pa chilichonse chomwe chili ndi mawu oti Passthru, ndipo Mixdown ili pa Stereo. Passthru ija ndi yomwe imanyamula AC-3 osaisintha.

Ndipo musamayesere ntchito ya makasitomala pa VLC yokha. VLC imasewera pafupifupi chilichonse, kotero imabisa mavuto. Tumizani kachidutswa pa foni wamba, mumvetsere pa sipika yake, musanapereke fulashi.

Mwana wanga anandionetsa kusintha mavidiyo a kusukulu pa VLC, pa Convert / Save. Fayilo imatuluka, koma ndikaiika pa fulashi n'kupita nayo pa TV ya m'kalasi, mawu samveka.
Mphunzitsi wamkazi, Kasungu

Mayi, mwana wanu sanakunamizeni, koma pali malo amodzi omwe sanakuonetseni. Mukasankha fayilo n'kudina Convert / Save, VLC imakupatsani Profile yomwe dzina lake lili ndi H.264 + MP3. Mawu omwe Profile imeneyi imaika mu MP4 ndi a MPEG Audio, ndipo ma TV ena akawapeza mkati mwa MP4 amangowadumpha.

Pambali pa Profile pali kachithunzi ka sipanala. Kadineni. Pa tsamba la Encapsulation pakhale MP4/MOV. Kenako pitani pa Audio codec. Bokosi la Audio likhale lochonga. Likapanda kutero, VLC imataya mawu onse. Bokosi la Keep original audio track muchotsemo chongacho. Pa Codec sankhani MPEG 4 Audio yomwe patsogolo pake palembedwa AAC, Bitrate ikhale 128, Channels 2, ndipo Sample Rate ikhale 44100 kapena 48000. Ndi bwino kutenga nambala yomwe fayilo yoyambayo ili nayo, yomwe muipeza podina Ctrl ndi J. Dinani Save.

Zinanso ziwiri zomwe zimapweteketsa anthu pa VLC. Ikamasintha fayilo siionetsa chithunzi, kamzere kapansi kokha ndi komwe kamayenda, ndipo ambiri amaitseka poganiza kuti yamaliza. Dikirani mpaka kamzereko kafike kumapeto. Komanso pa Destination file musapereke dzina lofanana ndi la fayilo yoyambayo mu foda yomweyo, kuopa kuiwononga.

Kunena zoona, VLC ndi katswiri posewera mavidiyo, koma posintha ndi yongothandizira. Ngati ntchitoyi mumaichita sabata ndi sabata, ikani HandBrake, musankhe Fast 720p30, ndipo mawu azituluka mu AAC osavutika.

Timajambula ulaliki kutchalitchi kwathu. Mawu timatenga pa mikisa kudzera pa chingwe kupita mu kamera. Pa mahedifoni amamveka bwino kwambiri. Koma tikachepetsa vidiyoyo kuti itumizike pa gulu la WhatsApp, ena akuti amangomva kaphokoso kakutali, ena samva kalikonse. Codec ndi AAC kale, tinayang'ana.
Wa komiti ya zofalitsa mawu, Area 25, Lilongwe

Mwachita bwino kuyang'ana codec, chifukwa zatichotsera kukayikira kumodzi. Wolakwa apa ndi chingwe.

Potulukira mawu pa mikisa pa mtundu wa XLR pali mapini atatu. Pini 1 ndi ya ground. Pini 2 imanyamula mawu. Pini 3 imanyamulanso mawu omwewo, koma otembenuzidwa: funde likakwera pa pini 2, pa pini 3 limatsika mofanana. Anapanga dala choncho kuti chida cholandira chizitha kuchotsa phokoso lomwe chingwe chatola m'njira. Tsono zingwe zambiri zomwe mbali ina ndi XLR, mbali ina ndi kajeki ka 3.5 mm kolowa mu kamera, zimalumikiza pini 2 ku mbali ya kumanzere ndi pini 3 ku mbali ya kumanja. Kamera imajambula zonse ziwiri ngati sitiriyo. Pa mahedifoni khutu lililonse limalandira mbali yake, ndiye mumamva. Koma foni ya sipika imodzi, kapena pulogalamu yomwe ikusandutsa mawu kukhala mono pofuna kuchepetsa fayilo, imaphatikiza mbali ziwirizo, ndipo zimafafanizana. Chotsala ndi kaphokoso komwe anthu anu akunenako. Jeki yaikulu ya 6.35 mm yokhala ndi mizere iwiri yakuda imachitanso chimodzimodzi ikachokera potulukira pa balanced, pomwe mawu amatuluka pawiri motembenuzana ngati pa XLR.

Kuti muone ndi maso, tsegulani mawuwo mu pulogalamu ya mawu ya Audacity n'kukuza kwambiri kachigawo kamodzi. Mafunde a pamwamba ndi a pansi aoneka ofanana koma oyang'ana kosiyana. Audacity imafuna muiikire kaye FFmpeg yake kuti itsegule fayilo ya vidiyo.

Mavidiyo omwe munajambula kale amakonzeka, bola mukhale ndi fayilo yochokera mu kamera. Tengani mbali imodzi yokha, muiike konsekonse:

ffmpeg -i ulaliki.mp4 -c:v copy -af "pan=stereo|c0=c0|c1=c0" -c:a aac -b:a 128k ulaliki2.mp4

Apa c0 ndi kumanzere, c1 ndi kumanja, ndipo tauza FFmpeg kuti zonse ziwiri zitenge mawu a kumanzere. Mu HandBrake, pa Mixdown sankhani Mono ya Left Only. Musasankhe Mono wamba, chifukwa imeneyo imaphatikiza mbali ziwiri zija ndipo mubwerera pomwe munali. Fayilo yomwe inaphatikizidwa kale kukhala mono ndiye yapita. Mawu omwe anafafanizika sabwerera.

Lamulo lomweli ndi lomwe limathandiza ngati maikolofoni inajambula mbali imodzi yokha, inayo ili chete. Ngati mawu ali kumanja, lembani c0=c1 ndi c1=c1.

Kuti vutoli lisabwererenso, tengani mawu pa REC OUT kapena TAPE OUT ya mikisa, pomwe pali timabowo tiwiri ta RCA, kofiira ndi koyera, ndi chingwe wamba cha RCA kupita ku 3.5 mm. Ngati mukakamira XLR, wokonza mawailesi akuwotchereni chingwe chomwe pini 2 ikupita ku mbali zonse ziwiri za kajeki, ndipo pini 3 osailumikiza ku mbali ya kumanja. Pena paliponse mwa malo awiriwa mawu amatuluka amphamvu kuposa omwe bowo la maikolofoni la kamera limayembekezera, choncho tsitsani levulo ya kamera, apo ayi abusa akakweza mawu azimveka mosweka.

Gulu lathu la zisudzo linajambula filimu ndipo a situdiyo anatipatsa fayilo ya MKV. Titaisintha kukhala MP4, nyimbo ndi phokoso la galimoto zikumveka, koma zoyankhula za anthu ayi.
Mlembi wa gulu, Zomba

Yambani mwakankha jeki ya mahedifoni kapena ya masipika kuti ilowe yonse. Jeki yolowa theka imachotsa mawu a anthu n'kusiya nyimbo, ndipo yanamizapo anthu ambiri kuti fayilo yawonongeka.

Ngati si zimenezo, a situdiyo anakupatsani mawu a 5.1, omwe ali ndi matchanelo 6: kumanzere, kumanja, pakati, la mabesi, ndi awiri a kumbuyo. Zoyankhula pafupifupi zonse zimakhala pakati. Pulogalamu yosasamala imangotola awiri oyamba, kumanzere ndi kumanja, enawo n'kuwataya. Bwererani ku MKV yoyamba ija, Ctrl ndi J ikuonetsani ngati Channels ndi 3F2R/LFE kapena 5.1, ndipo musinthenso ndi -ac 2 monga tanenera m'yankho loyamba. FFmpeg ikapatsidwa -ac 2 imagawa mawu a pakati ku mbali zonse ziwiri. Mukaona kuti zoyankhula zabwera koma zikukwiriridwa ndi nyimbo, sakanizani nokha:

ffmpeg -i filimu.mkv -c:v copy -af "pan=stereo|c0<c2+0.6*c0+0.4*c4|c1<c2+0.6*c1+0.4*c5" -c:a aac -b:a 192k filimu.mp4

Apa c2 ndi mawu a pakati aja, ndipo tawapatsa mphamvu zonse pomwe enawo tawachepetsa. Ulendo wina pemphani a situdiyo akupatseni mafayilo awiri, ya 5.1 ndi ya sitiriyo yomwe asakaniza okha.

Mukaona kuti codec ndi DTS, imeneyonso isintheni. Ma TV a Samsung opangidwa kuyambira 2018 sasewera DTS kuchokera pa fulashi, ndipo MX Player ya pa foni imakana DTS ndi E-AC-3 mpaka mutaiikira codec yapadera.

Ndimajambula maphunziro a masamu pa laputopu ndi OBS. Mu fayilo ya MKV ndimamva zomwe kompyuta ikuliza, koma mawu anga ofotokoza kulibe, ngakhale kamzere kobiriwira ka maikolofoni kamavina pojambula. Ndikasintha kukhala MP4 ndi chimodzimodzi.
Wophunzitsa pa intaneti, Mzuzu

Fayilo imodzi ikhoza kukhala ndi mizere ingapo ya mawu, yomwe mapulogalamu amaitcha ma track, ndipo OBS imatha kujambula mpaka 6. Zikuoneka kuti mawu a kompyuta anapita pa track yoyamba, maikolofoni pa yachiwiri. Zosewerera zimaliza track imodzi pa nthawi, ndipo zosinthira zambiri zimatenganso imodzi. FFmpeg mukapanda kuiuza, imasankha track yomwe ili ndi matchanelo ambiri, ndipo akafanana imatenga yoyamba.

Mu VLC pitani pa Audio, kenako Audio Track, kapena dinani B vidiyo ikusewera. Ngati pali Track 2, imvetsereni. Mukawapeza mawu anu kumeneko, phatikizani ziwirizo kukhala imodzi:

ffmpeg -i phunziro.mkv -filter_complex amix=inputs=2 -c:v copy -c:a aac -b:a 160k phunziro.mp4

Kuphatikiza kotere kumatsitsa mawu a track iliyonse kuti asasweke. Akatsika kwambiri, lembani amix=inputs=2:normalize=0. Ngati mukufuna mawu anu okha, chotsani za amix zija ndipo m'malo mwake muike -map 0:v -map 0:a:1. FFmpeg imayamba kuwerenga pa 0, ndiye a:1 ndi track yachiwiri. Remux Recordings ya mu OBS siithetsa vutoli, chifukwa imangosamutsa ma track onse kupita mu MP4 momwe alili, osawaphatikiza.

Pena track imakhalapo koma mulibe kanthu. Njira yodziwira ndi iyi:

ffmpeg -i phunziro.mkv -map 0:a:1 -af volumedetect -f null -

Kumapeto muona max_volume. Ikakhala -91.0 dB, ndiye kuti track imeneyo ili chete kotheratu, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingatulutsemo mawu. Zimenezi zimachitika maikolofoni ikatumizidwa ku track yomwe sinachongedwe kuti ijambulidwe. Kamzere kobiriwira kamavinabe chifukwa kamangosonyeza kuti OBS ikumva, osati kuti ikusunga. Tsegulani Advanced Audio Properties, muchonge track 1 pa Desktop Audio ndi pa Mic yomwe. Kenako mu Settings, Output, Recording, onetsetsani kuti track 1 ndi yochonga. Jambulani masekondi khumi, mumvetsere, musanayambe phunziro la ola lathunthu.

Ndinatumizira achemwali anga ku Johannesburg kavidiyo ka mwana akuyimba, koma kanafika kopanda mawu. Pa foni yanga kali nawo.
Mayi wa ku Mangochi

Musanadine batani lotumizira, WhatsApp imaonetsa kachithunzi ka sipika pamwamba, pansi pa kamzere kodulira vidiyo. Chala chikakagunda mwangozi, mawu amachotsedwa. Ndipo kavidiyo kakakhala ka masekondi 6 kapena kucheperapo, pamabweranso posankha GIF, yomwe sikhala ndi mawu ngakhale pang'ono. Tumizaninso mukuyang'ana malo awiriwo. Mukafuna kuti kafike momwe kalili, katumizeni ngati Document, yomwe imalola mpaka 2 GB, kungoti bandulo imadyeka kwambiri.

Kwaya yathu inaika nyimbo pa YouTube, ndipo fayilo yoyamba inatayika. Ndaidawuniloda pa 1080p koma yabwera chithunzi chokha.
Woyimba, Dedza

YouTube imasunga chithunzi ndi mawu padera pa makulidwe akuluakulu, ndipo zodawunilodera zina zimangotenga chithunzi. Popeza vidiyoyo ndi yanu, lowani mu YouTube Studio ndi akaunti yomwe munaikira, mupeze Download pa vidiyoyo. Ibwera MP4 yokhala ndi mawu, ngakhale sidutsa 720p. Ngati muli kale ndi chithunzi cha 1080p, tengani mawu mu fayilo yaing'onoyo muwalumikize:

ffmpeg -i chachikulu.mp4 -i chachingono.mp4 -map 0:v -map 1:a -c copy nyimbo.mp4

Mu shopu yathu munalowa akuba. Pa makina a CCTV mawu amamveka, koma nditakopera pa fulashi n'kusintha kukhala MP4 kuti ndipereke kupolisi, mawu anasowa.
Wamalonda, Limbe

Pepani ndi zomwe zakuonekerani, bambo. Choyamba, fayilo yomwe inatuluka mu makinawo isungeni malo awiri osaisintha dzina kapena chilichonse. Kupolisi perekani imeneyo pamodzi ndi yosinthayo, chifukwa pa nkhani ya umboni yoyambayo ndi yomwe ili ndi mphamvu. Fulumiraninso, popeza makinawa amafufuta zakale diski ikadzaza.

Makina ambiri a CCTV amasunga mawu mu G.711, codec ya matelefoni ya 8000 Hz, mbali imodzi. FFmpeg imaitchula pcm_mulaw kapena pcm_alaw. MP4 wamba siilandira, kotero pulogalamu ina imaima n'kulemba kuti codec not currently supported in container, ina imangotaya mawuwo mwakachetechete. Makina a Dahua amatulutsa mafayilo a DAV, pomwe a Hikvision amatulutsa mafayilo omwe dzina lake limathera .mp4 koma kapangidwe ka mkati n'kosiyana ndi MP4 yomwe mafoni amaidziwa. Onse awiri chitani chonchi:

ffmpeg -i kamera.dav -c:v copy -c:a aac -ar 44100 -b:a 64k umboni.mp4

Mawuwo amveka ngati a pa telefoni, chifukwa ndi momwe anajambulidwira. Kukweza 64k sikuwakongoletsa. Chithunzi chikakana kuoneka pa kompyuta ina, n'kutheka kuti ndi cha H.265, ndipo m'malo mwa copy lembani libx264.

Ngati Ctrl ndi J sikuonetsa Audio ngakhale mu fayilo yoyamba, ndiye kuti makinawo amakumvetserani mawu pa nthawi yomweyo koma sawasunga. Pa Hikvision, Stream Type iyenera kukhala Video & Audio, osati Video yokha. Kusintha pamenepo kuthandiza za mtsogolo, za tsiku la akubalo ayi.

Agogo ali ndi DVD yakale yokhala ndi polowetsa fulashi. Ndinasintha vidiyo ya chinkhoswe kukhala AVI, chithunzi chikubwera, mawu ayi. Mnzanga akuti ndingosintha dzina lakumapeto likhale .mpg.
Mnyamata wa ku Mchinji

Mnzanuyo musamumvere, achimwene. Kusintha dzina sikusintha zomwe zili mkati.

Ma DVD a mtundu umenewo amadziwa AVI yokhala ndi chithunzi cha Xvid kapena DivX ndi mawu a MP3, ndipo chithunzi chisapitirire 720 m'lifupi ndi 576 m'litali. Vidiyo ya pa foni imakhala ndi AAC, ndipo pulogalamu yanu iyenera kuti inaisiya momwemo. Apa zinthu zatembenuka: AAC yomwe takhala tikuiyamikira, makina akalewa saidziwa. Pa vidiyo yojambulidwa chopingasa yesani:

ffmpeg -i chinkhoswe.mp4 -vf scale=720:400 -c:v mpeg4 -vtag xvid -q:v 4 -c:a libmp3lame -b:a 128k -ar 44100 -ac 2 chinkhoswe.avi

Fulashi ikhale ya FAT32, chifukwa ma DVD ambiri akale saona NTFS kapena exFAT. FAT32 silola fayilo yoposa 4 GB, ndiye vidiyo yaitali muidule pawiri. Mawu si omwe amalemeretsa fayilo: pa 128k amadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, kapena 58 MB pa ola, kotero kuwatsitsa kufika pa 32k pofuna malo n'kungowononga nyimbo za pachinkhoswe pachabe.

Ngati agogo alinso ndi kafoni ka mabatani, kameneko kamafuna 3GP kapena MP4 yaing'ono ya 320 kwa 240. Mukasankha AMR ngati codec ya mawu, Sample Rate iyenera kukhala 8000 ndipo Channels 1. Mukaika 44100, kusinthako kumalephera kapena fayilo imatuluka yopanda mawu.

Magetsi anazima HandBrake ili pa 80 peresenti. Fayilo ilipo ndipo ndi yaikulu, koma sikutseguka. Ingapulumuke?
Wowerenga, Salima

Musataye nayo nthawi. MP4 ili ndi kachigawo kotchedwa moov, komwe kamalongosola pomwe chidutswa chilichonse cha chithunzi ndi mawu chili, ndipo kamalembedwa ntchito ikatha. Magetsi akazima pakati, kachigawoko kulibe, ndipo FFmpeg imalemba kuti moov atom not found. Fufutani fayiloyo muyambirenso kuchokera ku yoyamba, makamaka pa laputopu yomwe batire lake ladzaza.

Zimasiyana ngati yomwe yaduka ndi fayilo ya mu kamera kapena foni, yomwe ilibe inzake. Imeneyo musaifufute. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa untrunc komwe kamayesa kumanganso moov. Kamafuna muipatse vidiyo ina yabwinobwino yojambulidwa ndi kamera yomweyo, pa makonzedwe omwewo, kuti kaonerepo. Sikapambana nthawi zonse, ndipo pena mawu amabwera otsalira m'mbuyo mwa chithunzi. Akatsalira ndi mlingo wofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, Avidemux ili ndi bokosi la Shift pansi pa Audio Output: lembanimo ma millisecond, monga -500 kuti mawu afulumire ndi theka la sekondi, chithunzi muchisiye pa Copy. Omwe mumajambula pa kompyuta m'madera momwe magetsi amazimazima, jambulani mu MKV, yomwe imatsegukabe ngakhale itaduka pakati, ndipo muisandutse MP4 mukamaliza.